Kodi zitsamba zingaletse miyala ya mu impso?

Funso: Adokotala, chaka chatha ndinamva ululu woopsa m'mbali mwa msana kwa masiku atatu, mpaka kamwala kakang'ono ngati njere kanatuluka pokodza. Mnzanga wandipatsa botolo la mankhwala ochokera ku chitsamba china ndipo akuti amasungunula miyala. Kodi ndiyambe kumwa kuti vutoli lisadzabwerenso? Ndine bambo wa zaka 42.

Yankho: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, popeza pafupifupi theka la anthu amene anadwalapo miyala imeneyi amadwalanso pasanathe zaka 10. Miyala yambiri imapangika pamene kashiamu (chinthu chimene chimalimbitsa mafupa) walumikizana ndi oxalate (chinthu chopezeka m'zakudya zina, chimene thupi limatulutsa pokodza) mu mkodzo wochepa madzi, kenako timibulu take timagwirana mpaka kuuma.

Chitsamba chotchuka pa nkhaniyi ndi Phyllanthus niruri, chimene ku South America amachitcha chanca piedra, kutanthauza chophwanya miyala. Poyesa m'malabotale, madzi ake achepetsa kugwirana kwa timibulu timeneti, koma kafukufuku pa anthu wachitika pa magulu ang'onoang'ono, motero dzinalo likulonjeza zambiri kuposa zimene zatsimikizika. Chomera chimene maziko ake ndi omveka bwino ndi mandimu, chifukwa citrate, chinthu chopezeka m'madzi ake, amagwira kashiamu asanakumane ndi oxalate. Ndi pa chifukwa chomwecho madokotala amapereka mankhwala otchedwa potassium citrate kwa odwala ena.

Chondidetsa nkhawa ine ndi botolo lanulo ngati silikutchula chomera chimene chili m'katimo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 ku Belgium anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsera thupi omwe munali chitsamba cha Aristolochia, ndipo ambiri anafika posefedwa magazi ndi makina kapena kuikidwa impso ina. Ngakhalenso mapiritsi a vitamini C ochuluka kwambiri amawonjezera oxalate mu mkodzo. Choncho musamwe mankhwala a mnzanuwo musanaonetse botololo kuchipatala, makamaka ngati muli ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Chimene chatsimikizika n'chosavuta, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu amachiderera: muzimwa madzi okwanira kuti mutulutse mkodzo wa malita awiri ndi theka pa tsiku. Muziuyang'ana, ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Chepetsani mchere ndi nyama, koma musasiye zakudya za kashiamu monga mkaka, chifukwa kashiamu wa m'chakudya amagwira oxalate m'matumbo n'kumutulutsa asanafike ku impso.

Kamwala kena kakadzatuluka, mudzakasefe ndi kansalu koyera, mukasunge m'kabotolo ndipo mupite nako kuchipatala kuti akaone mtundu wake, popeza katetezedwe kake kamasiyana. Ululu ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi, kusanza kapena kulephera kukodza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.