Loya wa malonda a pakati pa mayiko: yankho kwa bambo a ku Limbuli

Bambo ena a ku Limbuli, m'boma la Mulanje, andilembera motere: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4. Kusukulu kwawo kunabwera mayi wina, loya wamkulu wa za malonda a pakati pa mayiko, ndipo chibwerereni mayiyo mwanayu sakumvanso za unamwino zomwe tinagwirizana. Ine loya amene ndimamudziwa ndi wa kukhoti. Wa malondayu amatani, nanga mwana wa mlimi wa nandolo angafikeko?"

Bambo, poti mwatchula nandolo, tiyambire pomwepo. Mukukumbuka za mu 2017, pamene dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire pa nandolo wolowa kwawoko. Mtengo unagwa chagada, mavenda anayamba kutchula ndalama zochititsa manyazi pasikelo, matumba n'kumangodyedwa ndi anankafumbwe m'nyumba. Mvula inagwa bwino, inu munalima bwino, koma chimene chinakupwetekani ndi lamulo lolembedwa kutsidya kwa nyanja. Mu 2021 Malawi ndi India anasainirana pangano loti nandolo wokwana matani 50,000 azilowa kumeneko chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Pangano lotere silidzilemba lokha. Pamakhala anthu amene amakangana pa liwu limodzi tsiku lonse, ndipo ena mwa iwo ndi maloya ngati mayi amene mwana wanu anawaona.

Ntchito yawo yambiri si yovala mkanjo wakuda. Ndi yowerenga, kulemba ndi kukambirana: katundu uyu alipire msonkho wanji, chikalata chotsimikiza kuti tiyi ndi wa ku Malawi chikhale chotani, dziko loyandikana nalo likatseka chipata tikadandaule kuti. Chitsanzo chili pakhomo panu. Malawi ali mu SADC, bungwe la mayiko a kummwera kwa Africa, komanso mu COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa, koma Mozambique ali mu SADC yokha. Ndiye malamulo a COMESA amene amathandiza wamalonda pa chipata cha Mchinji popita ku Zambia, pa Muloza popita ku Milanje sagwira. Zoterezi ndiye chakudya cha loya wa malonda.

Njira yake ndi yaitali, ndipo sindikubisirani. Ku University of Malawi ku Zomba maphunziro a zamalamulo munthu salowa akangochoka ku Fomu 4. Amayamba wachita chaka chimodzi cha digiri ina n'kukhoza bwino, kenako amapikisana ndi anzake pa mayeso olowera, ndipo akatengedwa amaphunzira zaka zinayi. Catholic University ku Nguludi nakonso kuli maphunzirowa, koma fizi yake muifunsiretu. Akamaliza ayenera kuvomerezedwa ndi khoti lalikulu kuti akhale loya. Ukatswiri wa malonda umabwera pambuyo, pa digiri yachiwiri. University of Pretoria ku South Africa imaphunzitsa malamulo a malonda a mu Africa, ndipo ku Arusha ku Tanzania kuli sukulu ya TRAPCA yomwe imasula akatswiri a ndondomeko za malonda. Ambiri amapitako atagwira kaye ntchito, ena pa sikolashipu.

Mayi aja anafika kusukulu pa galimoto yabwino, koma zaka zimene ankanyamulira mafayilo a mabwana awo sanabwere nazo. Wamkele Mene wa ku South Africa, amene anasankhidwa mu 2020 kutsogolera ofesi ya AfCFTA, pangano la msika umodzi wa mayiko a mu Africa, ku Accra m'dziko la Ghana, anaphunzira zamalamulo ndipo anayamba waimira dziko lake ku WTO, bungwe loona za malonda a dziko lonse lapansi, ku Geneva asanafike pampandopo. Mipando yotereyi ndi yochepa. Kuno kwathu poyambira ndi ku Unduna wa Zamalonda, ku Unduna wa Zachilungamo, ku MRA kapena kumakampani otumiza katundu kunja. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nthambi ya COMESA yoona za mpikisano pa malonda ili ku Lilongwe konkuno, sikuti zonse zili ku likulu la COMESA ku Lusaka kapena ku likulu la SADC ku Gaborone ayi.

Ine ndikuti musamuletse, koma musamunamizenso. Panopa nkhondo yake ndi MSCE. Chingerezi achikhoze kwambiri, chifukwa loya wosadziwa kulemba ali ngati mlimi wopanda khasu. Masamu asawataye, poti misonkho ndi manambala okhaokha. Polemba fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma, aganizire maphunziro amene ali ndi zachuma mkati, kuti chitseko cha zamalamulo chikapanda kutseguka akhale ndi digiri yomwe ingamulowetsebe mu ntchito yomweyi. Pa zokambirana za malonda akatswiri a zachuma amakhala tebulo limodzi ndi maloya. Koma akasankha unamwino ndi maganizo oti adzasintha m'tsogolo, dziwani kuti ayenda njira yozungulira kwambiri.

Pali mwayi umodzi umene mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe alibe. Wanuyo wakulira pamalire, Chipwitikizi amachimva pamsika. Chilankhulo chimenechi ndi chimodzi mwa zogwiritsidwa ntchito ku SADC, ndipo katundu wathu wambiri amadutsa pa madoko a Beira ndi Nacala. Maloya a Chimalawi otha kuwerenga kontirakiti ya Chipwitikizi ine ndakumana nawo ochepa zedi. Achiphunzire cholemba, osati cha mitengo ya nsomba chokha.

Tchuthi chikubwerachi mupite naye pa Muloza tsiku limodzi. Mupemphe mmodzi wa maejenti okonza mapepala a kasitomu kuti amuonetse zikalata za thiraki imodzi, amufotokozere chifukwa chake ina imadutsa m'mawa womwewo pamene inzake imagona pachipata. Pobwerera mumvetsere ngati akufunsabe mafunso kapena akungodandaula dzuwa, ndiye mudzandilemberenso.