Dishi ya 60 inandibwezetsa ndalama za anthu

Achimwene, nditangoona zimene mwalemba m'gulu muno, zoti pa menyu ya dikoda strength (mphamvu ya siginolo) ili pamwamba koma quality (ubwino wake) ikungokwera n'kutsika pa kadishi kanu ka satelayiti ka masentimita 60, mtima wandipwetekanso ngati zachitika dzulo. Musagule dikoda ina. Chonde musagule. Ine ndinagula ziwiri, vuto osasuntha ngakhale pang'ono.

Ndinali ndi vidiyo sho ku Area 25. Amene anandiikira dishi ndi mnyamata wina amene anzanga anandilozera, dzina sinditchula, mwina ali m'gulu momwe muno ndipo akuwerenga. Ndinamupatsa ndalama ya dishi ya 90. Iye anabwera ndi ya 60, yakale, yongopaka penti, n'kumati "bwana, kuno ku Lilongwe siginolo ndi yamphamvu, yaikulu n'kungotaya ndalama." Yotsalayo sanabweze, ati yalowa ku chingwe ndi mabawuti. Anakwera padenga ndi kamita kofufuzira siginolo kamene kamangolira, kakulira kwambiri iye n'kumanga, kutsika, kupukuta m'manja, basi wapita. Tsiku limenelo zinkaoneka bwino, sindikana. Koma pambuyo pake matchanelo ena ankangoduka timabokositimabokosi, ena ali bwinobwino. Ndikamuimbira, yankho linali limodzi: ndi mitambo. Mu Julaye mitambo, mu Ogasiti mitambo. Kenako anati dikoda yanga ndi yabodza, ndigule ina kwa mnzake. Ndinagula.

Tsiku limene sindidzaiwala linali Loweruka mu Okutobala, dzuwa lili phwee, kumwamba kopanda ngakhale kamtambo kamodzi. Mpira waukulu wa ku England, ndinalemba pa bolodi kuyambira Lachinayi. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa ndiye aliyense wa m'dera lathu anathamangira kwa ine chifukwa ndinali ndi jenereta. Petulo ndinachita kukongola. Anthu anadzaza mabenchi onse, ena pansi, ena kuima pakhomo, thukuta lili kamukamu pansi pa malata. Mayi a kunyumba ndi amene ankatolera ndalama m'kabeseni. Mpira unayamba bwino, koma pasanathe nthawi chithunzi chinayamba kuuma. Wosewera waima mwendo uli m'mwamba, mawu akungoti kwe kwe kwe, kenako zii. Ndikayang'ana pa menyu strength ili 90 yonse, quality ikuchoka 50 kugwera 10, kukwera, kugwanso. Ndinazimitsa, kuyatsa, kusintha dikoda, kulumikiza chingwe mwatsopano manja akunjenjemera. Chigoli choyamba anthu anachimvera pa foni ya munthu wina amene anali kumbuyo. Apo ndiye zinavuta. Wina anagenda padenga, benchi imodzi anathyola, mnyamata wina amene ndinamuona akukula anandiloza chala n'kunditchula kuti wakuba pamaso pa ana anga. Bambo ena achikulire a kutchalitchi kwathu sananene kanthu, anangoimirira n'kutambasula dzanja. Zimenezo ndi zimene zinandilasa kuposa mwala uja. Mayi a kunyumba anaima pakhomo kubweza ndalama mmodzimmodzi misozi ikutsika, ndipo ena amene analowa osalipira analandira nawo. Kabeseni kanatha anthu asanathe. Ine ndikuimba foni ya mnyamata uja, ikungoitana, kachitatu anaizimitsa. Ndinakumana naye patapita masabata awiri pa Nsungwi, anawoloka msewu. Munthu wotere sindimufunira zoipa, koma akuononga dzina la amisiri enieni, ndipo mpaka lero akukwerabe pamadenga a anthu.

Amene anandipulumutsa ndi bambo ena a ku Kawale, achikulire ndithu, anabwera ndi mita ya sikirini yoonetsa dzina la satelayiti. Sanakhudze dikoda n'komwe. Anakwera, anamasula bawuti imodzi, anakankha dishi pang'ono kwambiri, mwina ngati kukula kwa chala, n'kundiitana kuti ndione: mita yasintha, ikuonetsa satelayiti ina. Anati, "Mwana wanga, dishi yako inamangidwa pakati. Ikumva awiri."

Zimene anandifotokozera ndi izi, ndipo pambuyo pake ndinazitsatira ndekha mpaka kuzimvetsa. Masatelayiti a TV onsewa ali pamzere umodzi pamwamba pa ikweta, mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo malo ndi ochepa moti ena anayandikana kwambiri. SES-5 ili pa madigiri 5 East, ya Eutelsat pa 7 East, kusiyana madigiri awiri okha. Mbali ya kum'mawa Intelsat 20 ili pa 68.5 East, Intelsat 17 pa 66, Eutelsat 70B pa 70.5. Dishi siyang'ana kadontho kamodzi ayi, imaona dera, ngati mmene tochi imawalira. Dishi ikachepa, dera limenelo limatambasuka. Pa Ku band, mafunde amene madishi ang'onoang'onowa amalandira, ya masentimita 60 imaona pafupifupi madigiri atatu, ya 90 madigiri awiri, ya mita 1.2 digiri imodzi ndi theka. Ndiye werengani nokha. Madigiri atatu aja ndiye kuti imodzi ndi theka mbali iyi, imodzi ndi theka mbali inayo. Mnansi, satelayiti yoyandikana ija, ali pa madigiri awiri, wangotsala pang'ono kulowa. Mmisiri akaphonya ndi digiri imodzi yokha, mnansi walowa m'nyumba, kwinaku satelayiti yanuyo yayamba kufooka. N'chimodzimodzi kuima pa depoti oitanira awiri akukuwa nthawi imodzi: phokoso ndi lambiri koma sukumva kuti basi ikupita kuti. Strength ija ndi phokosolo. Quality ndi zimene dikoda yakwanitsa kumva. N'chifukwa chake kamita kolira kaja kamapusitsa anthu, sikadziwa kuti kakumva yani, kamangolira paliponse pamene pali mphamvu, ngakhale pakati pa masatelayiti awiri.

Ndipo musadabwe kuti matchanelo ena ali bwino. Mnansi sasokoneza zonse. Amasokoneza pokhapokha ngati akuulutsa pa frequency yofanana kapena yoyandikana ndi yanu, mbali yofanana ya H kapena V (mafunde ogona kapena oimirira), komanso ngati mphamvu yake ikufika kuno kwathu. Ndiye transponder imodzi (gulu la matchanelo oulutsidwa pa frequency imodzi) imadwala, inzake ili bwino. Mvula sichita choncho, ikagwa yamphamvu imafooketsa zonse pamodzi. Inu a free to air (matchanelo aulere) amene mumasaka mafunde ena otchedwa C band, nkhani yake ndi yokulirapo, chifukwa mafunde a C band ndi aatali pafupifupi katatu kuposa a Ku, moti dishi ya mita 1.8 pa C band imaona motambasuka ngati ya 60 pa Ku. Aja amamangirira LNB (kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi) ya C band pa kadishi kakang'ono aja, akumva mudzi wonse wa masatelayiti nthawi imodzi.

Bambo a ku Kawale aja anapezanso china. Anamanga ulusi uwiri mopingasa pakamwa pa dishi, wina kuchoka pamwamba kufika pansi, wina m'mbali ndi m'mbali. Dishi ikakhala yabwino ulusi umangokhudzana pakati. Yanga panatsala mpata woti chala n'kulowa. Inali yopindika, mwina inagwapo padenga lina asanandigulitse. Dishi yopindika siunjika siginolo pamalo amodzi, imatola za m'mbali zambiri. Ndiye mnyamata uja anandipweteka katatu: yaing'ono, yopindika, yolozanso pakati. Ndinagula ya 90 yatsopano, anaichuna ndi mita yawo, quality inaima nji, ndipo ngakhale mvula ya mu Januwale imaduka mochedwa kusiyana ndi kale, poti ya 90 imatola siginolo kuposa kawiri ya 60. Koma anthu anali atazolowera kale kupita kwina. Sho ija ndinatseka chaka chisanathe.

Tsono achimwene, musathamangire kukagula dishi yaikulu mawa m'mawa ayi. Aneba anga ali ndi ya 60 zaka zambiri ndipo sadandaula, chifukwa inaikidwa ndi munthu wodziwa. Yaikulu nayo ili ndi mavuto ake. Poti imaona mopapatiza, ikasuntha pang'ono yataya zonse, ndipo imakola mphepo kwambiri. Mukaikhomera pa malata kapena pa kamtengo kogwedera, kamvulumvulu mmodzi wa mu Seputembala mwatsala mumdima. Ikufunika paipi yolimba, yoima chilili, pakhoma kapena yothira simenti. Yambani mwaitana munthu wa mita ya sikirini, achune poyang'ana quality ya transponder imene ikuvutayo, osati strength. Apotoze LNB pang'onopang'ono mpaka H ndi V zisiyane bwino, makamaka ngati muli pa 68.5 kapena pa 5 ndi 7, chifukwa amenewa ali kutali cha kum'mawa kapena kumadzulo kwa Lilongwe ndipo LNB imafunika kupendekeka ndithu. A pa 36 East satelayiti ili pafupifupi pamutu penipeni. Aone ngati madzi analowa m'makonekita, aone nthambi za mango, ayese ulusi uja. Mwina ya 60 yomweyo ichira osaonongapo ndalama zambiri.

Komabe ine pakhomo panga yochepera 90 sidzakweranso. Ndipo mukagula, kagulani nokha, muiyeze ndi tepi musanalipire, ndipo tsiku loika mukhalepo mpaka bawuti yomaliza. Ndalama ya ntchito mumupatse mutatsegula matchanelo onse limodzilimodzi, makamaka amene akudukawo. Lembani pansipa satelayiti imene mwalozako ndi ma frequency amene akuvuta, tione ngati ndi mnansi kapena ndi china.