Kupalasa njinga kuchoka ku Limbe mpaka ku Mulanje

Achimwene, dzerani msewu wa ku Thyolo, wa M2 uja, ndipo munyamuke ku Limbe kukangocha maminibasi asanachuluke. Mukangodutsa pa Bvumbwe minda ya tiyi ija imayamba kuoneka biriwiri, kenako phiri la Mulanje limatulukira kutsogolo mukamatsikira ku Luchenza, kukongola kwake simungatope. Ine ndinapalasako mu June, chifunga cha chiperoni chinandipeza ku Thyolo moti galimoto ndinkangoimva kulira osaiona, ndiye nyali yakumbuyo ndi jekete yowala musasiye ayi, mutengenso pampu, chubu china ndi madzi mabotolo awiri. Mabuleki akaonedwe kaye kwa okonza njinga chifukwa zitsetse zake ndi zazitali. Ngati muli ndi BP kapena mumabanika pokwera chitunda, kaonaneni ndi dokotala musananyamuke.