Pa nyanja yamchere, msodzi akakuuzani nthawi, mverani

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo. Akuti anazolowera kuwedza m'mitsinje ndi m'madamu, ndipo tsopano akupita ku nyanja yamchere koyamba. Wapeza msodzi wa kumeneko amene amatenga alendo pa boti laling'ono n'kumawedza nawo chakufupi ndi gombe. Chamudabwitsa n'chakuti msodziyo wakana nthawi imene iye anasankha, akuti anyamuke kusanache. Funso lake n'lakuti: "Kodi munthuyu ndimufuniranji, poti mbedza ndi nyambo ndimazidziwa kale? Bwanji ndingobwereka boti ndipite ndekha?"

Achimwene, pitani naye msodziyo, ndipo nthawi imene wanenayo musaisinthe.

Luso lanu la kumtsinje silipita pachabe, koma pali chinthu chimodzi chimene mtsinje sunakuphunzitseni. Madzi a nyanja yamchere amadzaza n'kuphwa chifukwa mwezi ndi dzuwa zimawakoka. M'magombe ambiri zimenezi zimachitika kawiri patsiku, ndipo kuchoka pamene madzi adzaza kufika pamene adzazanso pamapita maola pafupifupi 12 ndi mphindi 25. N'chifukwa chake nthawi yabwino ya lero imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 mawa lake. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, madzi amadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri, ndipo amathamanga. Ukakhala theka, amayenda mwaulesi. Kusiyanaku kumatengeranso malo: ku Bay of Fundy, ku Canada, madzi amatha kukwera mamita pafupifupi 16, pomwe m'mbali zambiri za nyanja ya Mediterranean amangosuntha pang'ono.

Nsomba za kufupi ndi gombe zimadya potsatira kuyenda kwa madziku. Akamadzaza, amalowa m'mizu ya mitengo ya mangrove (imene imamera m'madzi amchere m'mphepete mwa nyanja), m'udzu wa pansi pa madzi ndi pamatope pamene panali pouma. Nkhanu, ma shrimp ndi tinsomba timalowa nawo, zikuluzikulu n'kumatsatira pambuyo. Akayamba kuphwa, zonsezo zimakakamizika kutuluka kudzera m'timifuleni topapatiza, ndipo nsomba yaikulu imangodikira pakamwa pa mfuleniwo ngati mphaka pa una wa mbewa. Madzi akaima, pamene asiya kudzaza koma sanayambe kuphwa, nthawi zambiri nyambo imangokhala osakhudzidwa. Oyendetsa maboti ali ndi kawerengedwe kawo: pa maola 6 amene madzi amatenga kuti adzaze, pafupifupi theka la madzi onse limalowa mu ola lachitatu ndi lachinayi. Msodzi wanuyo akufuna kuti mufike pamalo pake madzi asanayambe kuthamanga, osati atatha.

Zonsezi mukhoza kuziwerenga pa foni, ndipo ndandanda wa nthawi za madzi umapezeka mosavuta. Chimene foni singakuuzeni n'chakuti mulu wa mchenga umene unali apa chaka chatha wasunthira pati, kapena kuti mphepo ikachokera mbali iyi madzi amada ndipo nsomba zimasamukira tsidya lina. Munthu amene wakulira pamadzi amenewo amaona zinthu zimene inu mungazidutse. Adzazimitsa injini patali, boti n'kumayenda lokha mwakachetechete. Adzakulozerani pamene madzi oyera akumana ndi odera, mzere wa thovu ndi tizinyalala ukuyandama pakati, n'kunena kuti ponyani apo. Mukayang'anitsitsa mudzaona tinsomba tikudumpha mobalalika, mbalame zikugwera m'madzi chamutu. Pansipo pali chinachake chimene chikuthamangitsa tinsombato.

Palinso nkhani ya moyo wanu. Madzi osaya amanyenga. Boti likhoza kukhala pamchenga madzi ataphwa, inu n'kudikira maola angapo padzuwa. Choopsa kwambiri ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja: madzi otuluka akakumana ndi mafunde olowa, mafundewo amaimirira n'kusweka, ndipo maboti ang'onoang'ono amagubuduzika pamalo otere. Mlendo asayese yekha. Musanakwere, funsani ngati muli majekete oyandamitsa okwanira aliyense, nangula ndi wailesi kapena foni yogwira ntchito. Jeketeyo muvale, musakhalire. Msodzi akanena kuti lero nyanja yakwiya sitipita, ameneyo ndiye wabwino.

Za zida musavutike nazo kwambiri. Ambiri mwa asodzi otenga alendo amakhala ndi ndodo, zingwe ndi nyambo zoyenera malowo. Inu tengani madzi akumwa ambiri, chipewa, malaya a manja aatali ndi magalasi a polarized, amene amachotsa kunyezimira kwa pamwamba kuti muone pansi. Ngati mumachita nseru paulendo, imwani mankhwala musanakwere, chifukwa akachedwa sathandiza kwenikweni, ngakhale kuti kufupi ndi gombe mafunde amakhala ochepa. Mukatenga zida zanu, muzitsuke ndi madzi opanda mchere tsiku lomwelo. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, ndipo dzimbiri silichedwa.

Chimene chingakuvuteni ndi dzanja lanu lomwe. Kumtsinje munazolowera kukoka mwamphamvu nsomba ikangogwedeza chingwe. Asodzi ambiri a m'nyanja yamchere amagwiritsa ntchito mbedza yopindikira mkati, ya circle, imene imakola yokha pakona pa kamwa nsomba ikamathawa ndi nyambo. Mukakoka mwadzidzidzi mumaizula m'kamwa. Ingokulungani chingwe pang'onopang'ono mpaka chilimbe. Ndipo m'boti musaponde mwamphamvu kapena kugwetsa zitsulo, chifukwa m'madzi osaya phokoso limabalalitsa nsomba.

Nsomba imene simukuidziwa musaigwire musanafunse. Milamba ya m'nyanja yamchere ili ndi minga yaululu, ndipo stingray, nsomba yophwatalala ya mchira wautali, ili ndi chobayira kumchirako. Funsaninso za malamulo a malowo: ngati pakufunika chiphaso, kukula kwa nsomba yololedwa ndi mitundu yoletsedwa. Imene mukuibweza m'madzi muigwire ndi manja onyowa, ndipo musaisunge kunja nthawi yaitali pofuna chithunzi. Malo a mangrove ndi mathiriro a mitsinje ndi kumene nsomba zambiri zimakulira, ndiye kutenga zazing'ono kumandiwawa mtima kwambiri.

Tsiku limenelo muzifunsa mafunso. Bwanji taima pano? Bwanji tachoka pomwe timagwira? Madzi akupita kuti tsopano? Asodzi ambiri amakonda mlendo wofunsa. Koma malo amene wakuonetsani musawalembe pa GPS mobisa kapena kuwaulutsa pa Facebook, chifukwa anawapeza movutikira ndipo ndi pamene amadyera. Mukafuna kudzabweranso pamalopo ndi boti lanu, mupempheni kaye.