Kodi pemphero langa liyenera kudzera mwa "munthu wa Mulungu"?

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera imelo yaitali, ndipo pano ndingoifupikitsa. Mwana wawo wakhala akudwaladwala. Mankhwala akulandira, koma kuchira kukuchedwa. Alamu awo awauza kuti mapemphero a pakhomo sakufika kumwamba, pakufunika "munthu wa Mulungu" woti awaimirire, ndipo akudziwa mneneri wina amene amayamba walandira ndalama imene amaitcha "mbewu" asanasanjike manja wodwala. Mayiwa ndi a CCAP, amuna awo ndi a Katolika amene amakalapa kwa bambo mfumu. Funso lawo ndi ili: "Kodi pakati pa ine ndi Mulungu payenera kukhala munthu? Ngati ayi, nanga abusa ndi ansembe ntchito yawo nchiyani?"

Pepani amayi ndi matenda a mwana. Yankho lalifupi ndi lakuti pemphero lanu limafika, ngakhale mulipereke muli pa mkeka pakati pa usiku. Koma alamu anuwo sanaizule pamchenga nkhaniyi, choncho tiyeni tiione bwino.

Anthu odzitcha oimirira anzawo amakonda kuthawira ku Chipangano Chakale, ndipo nzoona kuti kumeneko kunali chotchinga. Levitiko 16 amatiuza kuti mkulu wa ansembe yekha ndiye ankalowa m'Malo Opatulika Kwambiri, kamodzi kokha pa chaka. Koma taonani kalowedwe kake. Tsiku limenelo zovala zake zaulemerero ankazisiya, nkuvala zoyera wamba. Asanaphe mbuzi ya machimo a anthu, ankayamba wapha ng'ombe ya machimo ake ndi a banja lake, chifukwa nayenso anali wochimwa ngati onse odikira panja aja. Pa ntchito ya masiku ena, Eksodo 28 akuti pa phewa lililonse pankakhala mwala wolembedwa mayina 6 a ana a Israeli, ndipo pachifuwa pankakhala miyala 12, uliwonse ndi dzina la fuko lake. Wansembe ankasenza anthu. Masiku ano mumaona anthu akusenza mneneri: wina wamunyamulira chikwama, wina Baibulo, wina akumupukuta thukuta.

Kudya ansembe ankadyadi za paguwa, lamulo linkalola. Koma werengani 1 Samueli 2 muone ana a Eli. Munthu akubwera ndi nsembe yake, nyama ili pamoto, mnyamata wa wansembe akufika ndi foloko ya mano atatu, nkuipisa mumphika, chonse chimene yakola nchake. Kenaka anayamba kufuna nyama yaiwisi mafuta asanaotchedwe nkomwe, ndipo wokana ankamuopseza kuti aitenga mwamphamvu. Kulandiriratu gawo lako Mulungu asanalandire lake si nzeru yatsopano ayi, ndipo mathero a anyamata amenewo sanali abwino.

Kenaka Yesu anafa, nsalu yotchinga ya m'Kachisi nkung'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, monga akunenera Mateyu 27:51. Kalata ya kwa Ahebri yaima pamenepa: Yesu ndiye mkulu wa ansembe, nsembe anaipereka kamodzi nkukwanira, ndipo ali moyo kutipempherera nthawi zonse. Nchifukwa chake mutu 4 ndime 16 imatiuza kuti tiyandikire ku mpando wachisomo mopanda mantha. Paulo pa 1 Timoteo 2:5 akuti mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi. Munthu amene akukuuzani kuti popanda iye simungamveke akusoka nsalu imene inang'ambika kale.

Komabe apa ndi pamene ife a Chipolotesitanti timathamanga kwambiri. Mutu womwewo wa Timoteo ukuyamba ndi kulamula kuti tizipempherera anthu onse. Abrahamu anapembedzera Sodomu, kutsitsa chiwerengero kuchoka pa 50 mpaka kufika pa 10. Mose, Aisraeli atapembedza fano la mwana wa ng'ombe, anauza Mulungu kuti ngati sawakhululukira, afafanize dzina lake lomwe m'buku. Yakobo 5 akuti wodwala aitane akulu a mpingo, amupempherere, amudzoze mafuta. Ndiye kupemphereredwa si kusowa chikhulupiriro. Onani kokha kuti Yakobo akunena akulu, osati mmodzi, a mpingo wa wodwalayo, ndipo za mtengo palibe.

Inu mukudziwa ntchito ya ankhoswe. Banja likagwedezeka amabwera, amakhala pansi, amayankhulira mbali zonse. Koma nkhoswe amene angalamule kuti mwamuna ndi mkazi asamayankhulane pokhapokha iye alipo, ndiponso atapatsidwa kangachepe, ameneyo ukwati akuupasula.

Tsono za inu ndi amuna anu. Mpingo wanu unatsata chiphunzitso chimene Martin Luther, mmodzi mwa oyambitsa Chipolotesitanti, anachilimbikitsa m'chaka cha 1520, chakuti obatizidwa onse ndi ansembe, potengera 1 Petro 2:9. Amishoni a ku Scotland atafika kuno ku Blantyre mu 1876 anabwera nacho, ndiye chifukwa chake simumva a CCAP akutcha mbusa wawo wansembe. A Harry Kambwiri Matecheta, mmodzi mwa abusa oyamba achimalawi a Mishoni ya Blantyre, amene anadzozedwa mu 1911 pamodzi ndi a Stephen Kundecha, anadzozedwera kulalikira, kubatiza, kugawa Mgonero ndi kuweta nkhosa, osati kupereka nsembe. Ndipo mbusa salamulira yekha, amakhala pamodzi ndi akulu a mpingo.

Akatolika amaona mosiyana. Kwa iwo wansembe wodzozedwa, kuyambira a Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kulandira unsembe mu 1937, mpaka bambo mfumu wa ku parishi kwa amuna anu, amaimira Khristu paguwa la Misa ndi pa kulapa. Za kukhululukira machimo amazitenga pa Yohane 20:23. Msonkhano waukulu wa maepiskopi a Katolika wa Vatican II mu 1964 unanenanso poyera kuti obatizidwa onse ali ndi gawo pa unsembe wa Khristu, ngakhale unsembe wa odzozedwa uli wa mtundu wina. Ine pa zina sindigwirizana nawo, ndipo mkangano umenewu wadya zaka pafupifupi 500, sutha ndi imelo imodzi. Koma tisawanamizire. Mpingo wa Katolika suphunzitsa kuti pemphero la mayi silimveka popanda wansembe, ndipo kulapa sikulipiritsidwa. Kugulitsa zinthu zopatulika amakutenga ngati tchimo lalikulu, pokumbukira Simoni wamatsenga wa pa Machitidwe 8, amene Petro anamuuza kuti ndalama yake iwonongeke naye pamodzi. Pa nkhani ya mneneri wa mbewuyu, inu ndi amuna anu muli mbali imodzi.

Sindikunena kuti aliyense wopempherera odwala kunja kwa mipingo yakale ndi wakuba. Alipo amene amakwera phiri la Soche mbandakucha kukalirira anthu oti sawadziwa nkomwe, osapempha ngakhale ya minibasi. Chimene ndingafunse ndi chakuti, akatha kukupemphererani, mumabwerera kunyumba mukutha kupemphera nokha, kapena mukuopa kuti popanda nambala yake ya foni mwatha? Elisa anachiritsa Namani nkukana mphatso zake zonse. Amene anazithamangira ndi Gehazi, mtumiki wa Elisa.

Ndalama imene mukanapereka ya mbewuyo muisunge, ikhale ya thiransipoti ya kuchipatala ndi chakudya cha mwana, ndipo wina aliyense asakuuzeni kuti asiye mankhwala. Uzani a mkulu wa mpingo wa kumlaga kwanu ndi amayi a Mvano kuti abwere. Amuna anu nawonso auze a kumphakati kwawo. Akakumana tsiku limodzi pakhomo panupo palibe cholakwika, mungobwerekeratu mabenchi kwa aneba. Alamu anunso muwaitane, chifukwa nawonso akuvutika ndi mwana yemweyo.