Mwafunsa, tayankha: shuga, nsima ya mgaiwa ndi mavuto akuchipinda

Mwezi uno mauthenga ambiri omwe mwatitumizira ndi okhudza matenda a shuga, nde tangosankhapo asanu omwe mafunso ake akufanana ndi a anthu ambiri. Mayina tachotsa ngati mwa nthawi zonse.

Funso: Alangizi, amuna anga anawapeza ndi shuga chaka chatha ndipo kuchipatala anati tisiye ufa woyera tizidya mgaiwa. Ine ndinasiyadi kukonoletsa chimanga, nyumba yonse tili pa mgaiwa mpaka ana akudandaula, koma tikapita kokayezetsa shuga wawo akumapezeka 280 pena 300. Nde mgaiwawo ukuthandiza chani? Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Mayi, ndikufunseni kaye, bambowo akumadya mitanda ingati? Chifukwatu ambiri timasocherera pamenepa. Mgaiwa si mankhwala ayi, ndi chimanga chomwecho kungoti madeya sanachotsedwe, nde shuga wake kulowa m'magazi amalowa ndithu. Munthu akamenya mitanda inayi ya mgaiwa, pamwamba pake chikho cha thobwa, madzulo chinangwa chophika, ameneyo walowetsa shuga wambiri kuposa uja wadya mtanda umodzi wa ufa woyera ndi ndiwo zambiri.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno kumuikira mwamuna mtanda umodzi kumaoneka ngati mwano, apongozi akaona amati mwana wawo mukumupha ndi njala. Koma mbale ya munthu wa shuga imayenera kutembenuka, theka lonse likhale masamba, kaya bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, therere, mbali ina nyemba, nandolo, usipa, matemba kapena dzira, nsimayo ikhale yofanana ndi chibakera chawo basi. Ayambe kudya ndiwozo, nsima itsatire, akhuta bwinobwino. Zakumwa ndiye zimabisa shuga wambiri zedi, fanta, sobo, maheu, juwisi wa m'mabokosi, thobwa lothira shuga, ngakhale nzimbe zija amatafuna akuonera mpira. Nyengo ya mango adye limodzi, osati kukhala pansi ndi beseni.

Za nambalayo, mashini ena amaonetsa manambala akuluakulu ngati 280, ena ang'onoang'ono ngati 15, ndi muyezo umodzi womwewo, mukagawa wamkuluyo ndi 18 mupeza wamng'onoyo. Munthu amene ali pa mankhwala m'mawa asanadye timafuna azikhala pakati pa 80 ndi 130. Nde 280 ndi wokwera kwambiri, ndipo mwina chakudya chokha sichingamutsitse. Mukapitanso ku kiliniki nenani mosabisa zomwe amadya komanso ngati amadumphitsa mapilisi, kuti adokotala aone ngati mapilisi a shuga otchedwa metformin akufunika kuonjezera kapena kuphatikiza ndi ena. Aziyendanso ndawala mphindi 30 masiku ambiri pa sabata, makamaka akangotha kudya m'malo mogona pa mkeka.

Funso: Ndili ndi zaka 27, chibadwire sindinanenepepo ndipo tiyi ndimamwa wopanda shuga poti kwathu shugayo amachita kusowa. Koma miyezi yapitayi ndinayamba kukodza pafupipafupi usiku, ludzu losatha, kuwonda mpaka buluku kumagwa. Kuchipatala akuti ndi shuga ndipo andiyambitsa jakisoni. Abale akuti shuga ndi matenda a mabwana onenepa, iwe wina wakulodza kapena ukubisa kachilombo. Ndimve ziti? Mnyamata wa ku Ntcheu

Yankho: Achimwene, mverani akuchipatala. Zomwe mwatchulazo ndi zizindikiro zenizeni za shuga, ndipo kuwondako ndi shuga yemweyo. Insulini, yemwe amapangidwa ndi kapamba kuti azilowetsa shuga mu minofu, akasowa m'thupi, shuga amangoyandama m'magazi osalowa mu minofu, thupi nkuyamba kudya mafuta ndi minofu yake yomwe, shuga wochulukayo nkumatuluka mu mkodzo akukoka madzi ambiri, nchifukwa chake kukodzako ndi ludzulo. Ena amazindikira poona nyerere zikuunjikana pomwe akodza.

Zoti ndi matenda a mabwana nzachikale. Kafukufuku yemwe unduna wa zaumoyo unachita ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi shuga wokwera, ndipo akumudzi nawo anali momwemo. Shuga ali mitundumitundu. Type 2 ndi amene amayenda kwambiri ndi kunenepa, ukalamba komanso kumtundu. Type 1 amagwira kwambiri ana ndi achinyamata, chitetezo cha m'thupi chimaononga tizigawo ta kapamba topanga insulini, ndipo izi sizitengera kuti munthu amadya chani. Mu April 2025 bungwe la International Diabetes Federation pa msonkhano wake ku Bangkok linavomerezanso mtundu wina womwe akuutcha type 5, wa anthu owonda omwe anakula ndi kunyentchera kapamba nkulephera kukula bwino. Wanuyo ndi uti adziwa ndi adokotala anu, koma jakisoni wa insuliniyo musamusiye olo tsiku limodzi, ndipo mukadzayamba kusanza, m'mimba kupweteka, kupuma mwabefu, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Za kachilombozo ingoyezetsani, nzaulere, mtima ukhale m'malo. Ndipo mukakhosomola kupitirira masabata awiri kayezetseni TB, chifukwa munthu wa shuga amaitenga mosavuta kawiri kapena katatu kuposa anzake.

Funso: Mayi anga anamwa mapilisi a shuga kwa miyezi ingapo nkupeza bwino, pano asiya akungomwa chamwamba ndi masamba a nimu, akuti anzawo awauza kuti mapilisi amaononga impso. Kodi shuga amachizika? Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Achemwali, mayiwo anapeza bwino chifukwa cha mapilisi omwe asiyawo. Vuto la matendawa ndi lakuti shuga akhoza kukwera munthu osamva kalikonse, akulima, akupita ku tchalitchi bwinobwino, uku mkatimu akudya pang'onopang'ono ngati chiswe mu mtengo wa denga, maso, impso, mitsempha ya kumapazi, mtima. Pomwe munthu adzamve kuwawa zinthu zimakhala zaonongeka kale.

Nkhani ya impsoyo anthu anaimva mozondoka. Metformin saononga impso. Chomwe chimachitika nchakuti impso zikafooka kale adokotala amamuchepetsa kapena kumusiyitsa poti amatuluka m'thupi kudzera mu impso zomwezo, nde anthu akaona choncho amati mapilisi ndi amene apha impso. Zomwe zimapha impso ndi shuga wokwera ndi BP, ndipo awiriwa amakonda kuyendera limodzi, choncho mayiwo ayezedwenso BP. Mashini osefa magazi m'zipatala za boma ngochepa, anthu ambiri amadalira ku Queens ndi ku Kamuzu Central, si ulendo woti munthu nkuufuna.

Chamwamba ngati ndiwo palibe vuto, adye. Koma kuti chilowe m'malo mwa mankhwala ayi, ndipo aliyense amene akugulitsa botolo nkumati limachiziratu shuga akungofuna ndalama zanu. Chomwe kafukufuku anaonetsa ndi ichi, ku Scotland ndi ku England kunachitika kafukufuku wotchedwa DiRECT yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anthu onenepa a type 2 omwe anali asanathe zaka 6 ndi matendawa anawaika pa chakudya chochepa kwambiri moyang'aniridwa ndi achipatala, ndipo patatha chaka 46 pa 100 shuga wawo anali bwino popanda mapilisi, makamaka omwe anataya makilo 15 kapena kuposa. Patatha zaka ziwiri anatsala 36 pa 100. Nde shuga amatha kugona kwa ena, koma thupi likabwerera naye amadzuka, ndipo woti asiyitse mankhwala ndi dokotala atayeza, osati anzawo a kumpingo. Aperekezeni ku kiliniki sabata ino.

Funso: Mwana wanga wa zaka 11 ali pa insulini koma kwathu kulibe magetsi, filiji ndiye osanena. Ndimusunge bwanji? Komanso anthu akuti munthu akafika pa jakisoni ndiye kuti zake zada. Mayi wa ku Chikwawa

Yankho: Zake sizinade mayi. Kale insulini asanapezeke ana otere sankakhalitsa, koma chiyambire 1922 pomwe mnyamata wa zaka 14 dzina lake Leonard Thompson anabayidwa koyamba ku Toronto, ana ngati wanuyo amakula, kuphunzira, kukwatiwa nkubereka.

Kasungidwe kake, pezani mitsuko iwiri yadothi, waung'ono mulowetse mu waukulu, pakati pake muthire mchenga nkumaunyowetsa m'mawa ndi madzulo, kabotoloko mukaike m'kachitini kapulasitiki kotseka bwino kuti madzi asafike, nkuvundikira ndi nsalu yonyowa, pamthunzi pomwe pamadutsa mphepo. A bungwe la madokotala la MSF ndi yunivesite ya Geneva anayesa insulini pa kutentha ngati kwa ku kampu ya anthu othawa kwawo ya Dagahaley ku Kenya, pakati pa madigiri 25 ndi 37, ndipo zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti amagwirabe ntchito kwa masabata anayi. Chikwawa mu October imatha kupitirira pamenepo nde mtsukowo ngofunika. Chomwe musachite ndi kukasungitsa mu dipu filiza ya pa golosale, insulini akaundana watha ntchito. Kabotolo kotsegula kasapitirire mwezi.

Chinanso muziopa shuga kutsikitsa, makamaka akabaya koma osadya kapena akasewera kwambiri. Mukaona thukuta, kunjenjemera, njala yadzidzidzi, kuyankhula zosamveka, kapena mashini aonetsa pansi pa 70, msungunulireni masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe, pakatha mphindi 15 muonenso, kenako adye chakudya. Akakomoka musamuthire chakumwa mkamwa angatsamwe, mugonekeni chammbali nkuthamanga naye kuchipatala. Aphunzitsi ake muwauze zimenezi, ndipo m'chikwama mwake musamasowe maswiti.

Funso: Alangizi pepani nkhani yake ndi yochititsa manyazi. Ndakhala ndi shuga zaka zingapo, pano kuchipinda zinthu sizikuyenda ndipo akazi anga akuganiza kuti ndili ndi chibwenzi. Gondolosi ndatafuna koma ayi ndithu. Mapazi nawo akumachita dzanzi. Bambo wa ku Kasungu

Yankho: Bambo, palibe chamanyazi apa, amuna ambiri a shuga zimawachitikira kungoti sanena. Mavuto awiri mwatchulawo gwero lake ndi limodzi, shuga akakhalitsa ali wokwera amaononga mitsempha ing'onoing'ono ya magazi komanso mitsempha yomvera, ndipo malo oyamba kumva ndi kumapazi ndi kumalo obisikako. Gondolosi sangakonze mtsempha. Mapilisi a mphamvu ogula pa msika ndiye samalani nawo, kwa munthu amene amamwa mankhwala ena a mtima amatha kugwetsa BP mpaka kukomoka. Mankhwala oyenera alipo, auzeni adokotala ayambe akuyezani mtima, BP ndi impso, poti vuto la kuchipindali nthawi zina limakhala chenjezo loti mitsempha ya kumtima nayo yayamba kuthina. Ngati mumasuta siyani, mowa chepetsani. Mayiwo muwatenge ku kiliniki akamve okha kuchokera kwa achipatala, mlandu wa chibwenziwo utheretu konko.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapaziwo. Phazi la dzanzi silimva minga, msomali kapena kuotcha, munthu amaponda nkumayendabe, bala nkuyamba kuola, mapeto ake kudula mwendo. Muziliyang'ana madzulo aliwonse mpaka pakati pa zala, pansi pake muone ndi kalilole kapena akuonereni mayiwo. Osayenda opanda nsapato olo pabwalo pompo, nsapato muzikutumula musanavale, mu June musaothetse mapazi pa mbaula, ndipo zikang'a ndi mafundo osazidula ndi lezala. Kabala kalikonse olo kang'ono bwanji kakatha tsiku limodzi kapena awiri osasintha pitani nako kuchipatala, osathira phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Maso nawo kamodzi pa chaka akawaone mkati, ku zipatala zikuluzikulu kuli mbali ya maso yomwe imachita zimenezi. Ndipo tsiku la kiliniki, poti mzere umakhala wautali ndipo adokotala amakhala akuthamanga, mukangolowa vulani nsapato ndi masokosi nokha musanauzidwe kuti akuoneni mapaziwo.