Funsani Dokotala: Kodi mazira anga atha?

Adokotala, papita masiku asanu chinditulutsireni mazira 14 kukiliniki ya IVF (njira yokumanitsira dzira ndi umuna kunja kwa thupi) muno mu Harare. Mimba yafufuma, ndikumangolira popanda chifukwa, ndipo akana kundiika mluza mwezi uno, ati auumitse kaye ndi kuzizira n'kuusunga. Apongozi akuti mazira anga atha, chiberekero chakandika. Ululu ndikuuletsa ndi Brufen. Mayi wa ku Mufakose.

Mayi, mawu a apongoziwo ndi amene akusowetsani tulo, choncho tiyambire pomwepo. Mazira anu sanathe. Mtsikana akamatha msinkhu amakhala ndi mazira oposa 300,000. Mwezi uliwonse gulu la mazira limayamba kukula, limodzi n'kukhwima, enawo n'kufota okha. Majakisoni okulitsa mazira amene munabaya aja anangopulumutsa amene akanafota mwezi womwewo. A mwezi wamawa sanakhudzidwe, ndipo simusiya kusamba msanga chifukwa cha zimenezi.

Nayo singano yotulutsira mazira sinalowe m'chiberekero. Imadutsa pakhoma la njira ya abambo, motsogoleredwa ndi sikani, n'kufika m'matumba a mazira. Chimene chasintha chiberekero ndi mahomoni. Mazira ambiri akakulira pamodzi, estrogen imakwera kwambiri, ndipo nthawi zina progesterone imakwera nthawi isanakwane. Khungu la m'kati mwa chiberekero limakhwima mofulumira, mluza n'kufika mphasa itapindidwa kale. N'chifukwa chake auumitsa, komanso kutenga pakati pano kungawonjezere kufufumako. Kulirako n'kwa mahomoni omwewa. Msambo ubwera mkati mwa masabata awiri, mwina wochuluka kuposa wa masiku onse, khungulo n'kuyamba kukula mwatsopano.

Koma Brufen uyo ndiye wandidetsa nkhawa. Anakuuzani ndani? Matumba a mazira akatupa, madzi amachoka m'mitsempha n'kudzaza m'mimba, impso n'kutsala ndi magazi ochepa, ndipo Brufen amazipanikiza. Imwani Panado. Zitsamba zoika kumusi ayi, kugonana ndi kunyamula zidebe dikirani msambo udutse, chifukwa thumba lotupa limatha kupotokola.

Imbirani kiliniki yanu lero, osati tsiku limene anakulemberani, akakupimeni sikani ndi magazi. Dzikwezeni pasikelo m'mawa uliwonse, muzimwa madzi mukamva ludzu ndipo muziyendako pang'ono. Mukawonjezera kilogalamu imodzi tsiku limodzi, mkodzo ukachepa n'kudera, mukamasanza, kubanika, kutentha thupi kapena mwendo umodzi ukatupa, musadikire kombi ya m'mawa. Pitani ku chipatala cha Parirenyatwa usiku womwewo, ndipo mukanene poyera kuti munatulutsidwa mazira, tsiku lake ndi chiwerengero chake.